Luso la Alembi a Malawi mu Ulamuliro wa Kamuzu

Zolembalemba za Malawi za pakati pa 1968 ndi 1994 zidakulira m'manja mwa munthu mmodzi, Dr Hastings Kamuzu Banda. Ufumu wake sudali wa kumtundu, koma kuchokera mu 1971, pomwe adakhala mtsogoleri wamuyaya, chimene wanena chidali lamulo. Zotere zidaonekanso ku England m'masiku a Mfumukazi Elizabeth I. Edmund Spenser ankalandira mapaundi 50 pachaka chifukwa cha ndakatulo yake yotamanda mfumukaziyo, The Faerie Queene, koma zisudzo, ngakhale za Shakespeare, zinkayamba zawerengedwa ndi nduna ya kunyumba yachifumu, Edmund Tilney, zisanaonetsedwe kwa anthu.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, bala lomwe anthu a kumpoto sadaliiwale. Chaka chomwecho padakhazikitsidwa lamulo lopereka mphamvu ku bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Mu 1972 kudabwera bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakonza malamulo a kalembedwe ndi kumawongola chiyankhulo pa wailesi ya MBC. Kamuzu mwini wake ankadzudzula poyera anthu amene ankawaona kuti akuononga Chichewa, ndipo kayankhulidwe ka m'chigawo chapakati ndi kamene kadasanduka muyeso.

Phindu la zimenezi silingakanidwe. Mwana aliyense wa sukulu, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, adayenera kuwerenga Chichewa, motero mlembi adapeza owerenga amene kale adalibe. Mabuku akale monga Nthondo la Samuel Josia Nthara, Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe ndi Ntchito za Pakamwa la E.J. Chadza adapeza moyo wautali m'makalasi. Makampani a Popular Publications ku Limbe ndi Dzuka ku Blantyre adasindikiza atsopano, ndipo m'zaka za m'ma 1980 maina a Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba adadziwika paliponse.

Luso la alembi amenewa limaonekera pachikuto pomwe. Mutu wa buku kawirikawiri umakhala mwambi, nthawi zina wodulidwa pakati. Zingani adatcha buku lake Madzi Akatayika n'kulekera pomwepo, podziwa kuti wowerenga amaliza yekha mumtima kuti saoleka. Ntaba naye adalemba Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta. Wowerenga amatsegula tsamba loyamba akudziwa kale kuti wina agwa m'mavuto, choncho chidwi chake sichikhala pa mathero koma pa njira imene munthuyo atsetserekere. Kafotokozedwe kotere kadachokera ku nthano za madzulo ndi ku bwalo la milandu, komwe mkulu amayamba ndi mwambi kenako n'kuutambasula. Mlembi waluso amauika mwambiwo m'kamwa mwa munthu woyenera, gogo kapena nkhoswe, pa nthawi yake; wosakhwima amangoithira miyambi yambirimbiri mpaka nkhani kulephera kuyenda.

Chofooka cha mabukuwa chili pa zimene sadathe kukhudza. Wolakwa m'nkhani zambiri za nthawiyo amakhala munthu wamba: mnyamata wotengeka ndi za m'tauni, mkazi wosakhulupirika, mwamuna wadyera. Wa Youth League, gulu la achinyamata a chipani cholamulacho, woima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani, chinthu chimene aliyense ankachiona ndi maso, sapezeka m'masamba amenewa. Mlembi wofuna kuti buku lake lilowe m'sukulu adaphunzira kulanga munthu payekha ndi kusiya boma pambali. N'chifukwa chake mabuku ambiri ali ndi Chichewa chokoma zedi koma dziko lopapatiza.

Olemba m'Chingerezi adatenga njira ina. A gulu la Writers Group, lomwe lidayamba mu 1970 ku Chancellor College, adakulitsa luso lophiphiritsa, lomwenso gwero lake ndi mikuluwiko ndi nyimbo za pamtondo, momwe mayi amadzudzula apongozi osawatchula dzina. Steve Chimombo adagwiritsa ntchito Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chogumula nthaka ndi midzi, kuti anene za mphamvu yoononga yosatchulika. Jack Mapanje adasankha bilimankhwe, nyama yosintha maonekedwe kuti ipulumuke, m'buku lake Of Chameleons and Gods lomwe lidatuluka ku London mu 1981. Ndakatulo zotere zimafuna wowerenga wodziwa nkhani za kumudzi ndi za ndale zomwe, ndipo zina zimavuta kumva lero popeza zimene zinkalozedwazo zidaiwalika. Kuphiphiritsako sikudamuteteze Mapanje mpaka kalekale: adamangidwa mu 1987 n'kukhala m'ndende ya Mikuyu popanda mlandu kufikira 1991.

Kamuzu yemweyo, atatsegula sukulu yake ya Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, adaikamo Chilatini ndi Chigiriki, Chichewa n'kuchisiya kunja. Ulamuliro wake utatha mu 1994, ziyankhulo zina zidabwerera pa wailesi, ndipo mu 1996 ntchito ya Chichewa Board idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba.