Ng'oma ya Wowerenga Mafupa

Wambani ng'oma pamoto, phula lifewe! Gunda ayambe, mpanje atsatire, mbalule alankhule. Amayi, nthungululu! Lero tikutamanda mwana wa ku Chongwe, dziko la Asoli, dziko la mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, kumene mwambo wa Chakwela Makumbi umaitana mitambo kuti itsike. Ndinakubereka kumsana ndikukutcha iwe. Lero pabwalo pano ndikuti inu.

Inu Chiwerengamafupa! Inu Mfunsa-ogona! Inu Mbwezadzina! Anzanu anatsetserekera ku Chalimbana kukaphunzira uphunzitsi, ndipo tinawavinira. Inu mwasankha sukulu imene mphunzitsi wake wamkulu ndi munthu wakufa. Ndi-ndi-ndi!

Mafupa 206 a munthu wamkulu mukawaloweza monga mbusa adziwira ng'ombe za m'khola la atate ake, iyi ndi iyi, osaphonya. Fupa la m'chiuno likakunong'onezani ngati mwini wake anali mkazi kapena mwamuna. Fupa la ntchafu mukaliyeza, likakuuzani msinkhu. Dzino lomaliza kumera likati uyu anali atangotha unyamata, ndipo fupa lopingasa pansi pa khosi, lija limachedwa kulumikizana, likavomereza. Nthiti imene inathyoka n'kupola ikati: izi n'zakale, anagwa, anachira, anayendanso. Nthiti yothyoka yosapola ikanena za tsiku lomaliza. Inu Msiyanitsa-mabala, wodziwa dzino la fisi ndi mpeni wa munthu, wodziwa ming'alu ya moto ndi ming'alu ya chibonga!

Mpanje, tsika pang'ono. Apa pali maliro.

Lamlungu, pa 11 Disembala 2022, m'dera la Ngwerere, m'boma lathu lomwe lino, anthu anadzuka n'kupeza mitembo 27 ya amuna itatayidwa m'mbali mwa msewu. Wina mmodzi anapezeka akupumira m'mwamba, anathamangira naye kuchipatala. Apolisi anati akuganiza kuti anali ochokera ku Ethiopia. Mitembo inapita ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Miyezi iwiri izi zisanachitike, ku Malawi, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, dzenje limodzi linatulutsa mitembo 25. Tinamva nambala pawailesi. Koma ndani analirapo nambala? Aliyense wa iwowo anali ndi mayi amene anamutsazika pakhomo, anali ndi dzina loitanira kudzadya. Kwathu kuno munthu akatisiya timagona pasiwa, adzukulu amakumba, timameta, pakapita nyengo timamanga chiliza. Nanga mayi wosaona mtembo ameta liti? Mtima wanga unayamba kukuvomerezani Lamlungu lija, mwana wanga, ngakhale poyamba ndinkachita mantha ndi sukulu yanuyi.

Inde, ndinkachita mantha, ndisabise. Ndipo alipo amene adzanong'ona kumadzi kuti wogwira mafupa a akufa ndi mfiti. Mbalule, ayankhe! Mfiti imapita kumanda usiku, yokhayokha, kukaba. Uyu amapita dzuwa likuswa mtengo, ndi chilolezo cha boma, mfumu ikudziwa, abale akuona. Amagwada m'dothi ndi kaburashi ndi sefa, amajambula fupa lisanasunthe, amalemba pamene lagona, amalinyamula ndi manja awiri monga tinyamulira khanda. Inu Mdzukulu-wamasana! Inu Mkumba-mofatsa, amene khasu silikupsa m'manja! Pamene nkhope yatha, pamene dokotala woyeza mitembo wasowa mnofu woti aone, inu ndi pomwe muyambira. Mukatenga kachidutswa ka fupa kapena dzino, DNA yake ikakumane ndi ya mayi ali kutali, kenako mukaimirira m'khoti, kunena zimene fupa lanena, osawonjezera, osachotsera, ngakhale wamphamvu akutuzulireni maso.

Gunda, kwera! Simuli nokha pa njirayi. Mu 1984 ku Argentina, wowerenga mafupa Clyde Snow anasonkhanitsa ophunzira a ku yunivesite, achinyamata ngati inu, n'kuyamba kufukula anthu amene boma la asilikali linawasowetsa. Gulu lomwelo linadzafika ku Ethiopia, linadzafika ku Zimbabwe. Ku South Africa afukula amene anasowa m'nthawi ya tsankho n'kuwabwezera kwa abale awo, mabokosi akulowa m'midzi patapita zaka makumi. Amenewo ndiwo akumtundu wanu tsopano.

Inu Nyerere-yosatopa! Inu Kadzidzi-wa-uthenga-wabwino! Inu Mboni-ya-osalankhula, Mtonthoza-amasiye, Mtsekula-njira-ya-kumudzi! Pitani. Ngati maphunziro akuitanirani ku Pretoria kapena ku Johannesburg, kumene kuli mafupa ochuluka ophunzirira, kwerani basi pamsewu wa Great East, mudutse Lusaka, muwoloke Zambezi. Kamba takukonzerani: nsinjiro, chimanga chokazinga, mapemphero a azakhali anu.

Koma mverani ng'oma yomaliza. Mu 1921 anthu a mumgodi ku Kabwe anafukula chibade cha munthu wakalekale. Chinatumizidwa ku London, ndipo mpaka lero chili komweko. Inu musakakhale ngati chibade chimenecho. Mukatha mayeso, bwerani. Msewu umene unabweretsa alendo aja ku Ngwerere sunatsekedwe, ndipo amayi ambiri akudikirabe pakhomo. Bwerani, mwana wathu, mudzatiwerengere mafupa kuno kwanu.