Mbuzi za Modrić ndi bwalo la ku Trojan

Chiyambire 2018, pamene Croatia inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse n'kugonja kwa France ndi zigoli 4 kwa 2, pali kanema wina wamfupi amene sakalamba pa WhatsApp. Amaonetsa kamnyamata kakuweta mbuzi m'mapiri a Velebit, ndipo kamnyamatako ndi Luka Modrić. Kuno ku Bindura kanemayo amayenda ndi ulaliki wake: taonani, mbusa wa mbuzi, wothawa nkhondo, lero ali ndi Ballon d'Or, nanga inu ana a m'komboni mukudandaula chiyani? Ine ulaliki umenewu umandiwawa.

Sikuti nkhaniyo ndi yabodza ayi. Agogo ake aamuna anaphedwa mu December 1991, banja linathawira ku Zadar, ndipo mwanayo anakulira mu hotela yodzaza ndi othawa nkhondo. Vuto ndi lakuti ofotokoza amadumpha kuchoka pa mbuzi kukatera ku Real Madrid ngati pakatipo palibe kanthu, chonsecho pakatipo ndiye pagona nkhani. Nkhondo ili mkati, ku Zadar kunali timu yophunzitsa ana mpira. Hajduk Split itamukana kuti wachepa thupi, Dinamo Zagreb inamutenga ali ndi zaka 16. Mu 2003 inamubwereketsa ku Zrinjski Mostar, mu ligi ya ku Bosnia yodziwika ndi kuchekana miyendo, kenako ku Inter Zaprešić, n'kumuitananso atakhwima. Tottenham inamugula mu 2008, Real Madrid mu 2012. Amenewa ndi makwerero, ndipo pa sitepe iliyonse panali munthu wolembedwa ntchito yoyang'anira mwanayo. Dziko la anthu osakwana 4 miliyoni silingakhale lachitatu mu 1998, lachiwiri mu 2018, lachitatunso mu 2022 chifukwa choti ana ake anavutika. Kuvutika kukanakhala kuti kumabala akatswiri, bwenzi komboni iliyonse kuyambira ku Trojan mpaka ku Shamva ili ndi Ballon d'Or yakeyake.

Nafenso makwerero tinali nawo, koma anatsamira khoma la mwini. Agogo athu atabwera kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata kudzakumba miyala, anapeza kuti mgodi ndiwo boma: nyumba ndi ya mgodi, chipatala ndi cha mgodi, bwalo la mpira ndi la mgodi. Matimu monga Mhangura, Rio Tinto, Wankie ndi Shabanie Mine anabadwa chomwecho. Mnyamata wodziwa kuthyola anzake ankapatsidwa kantchito kopepuka pamtunda kuti asatsike pansi, jezi n'kugula kampani, basi yopitira ku masewero n'kupereka kampani. Anthu ankavina gule, ankaonera mpira, ndipo m'bwalo munkamveka Chichewa, Chiyao ndi Chishona mosakanikirana. Dongosolo limeneli linali ndi ubwino wake, sindikana. Koma moyo wa timu unkadalira mtengo wa mwala ku London. Mgodi wa kopa wa Mhangura utatsekedwa, timu yake inalowa nawo m'manda.

Ife a ku Bindura tinaziona ndi maso. Mwana Africa, timu yotchedwa dzina la kampani yomwe inali ndi mgodi wa Trojan ndi wa Freda Rebecca, inatenga chikho cha CBZ mu 2006, ndipo mu 2007 inaimirira Zimbabwe mu CAF Confederation Cup. Tauni yonse inayenda modzitukumula. Timuyo sinakhalitse mu ligi yaikulu, ndipo pofika November 2008 mgodi weniweniwo unali utaimitsa ntchito, mtengo wa nickel utagwa, ndalama ya dziko itasanduka mapepala. Mnyamata wa zaka 15 amene ankaonetsa luso chaka chimenecho analibe Dinamo yomutola, analibenso Zrinjski yokamukhwimitsa. Ambiri a msinkhu umenewo anakathera ku chikorokoza, kusaka golide m'mphepete mwa Mazowe. Kumuonetsa munthu wotere mbuzi za Modrić ndi kumunena kuti analephera yekha.

Palinso china chimene kanemayo sanena, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. Croatia imasaka ana ake kulikonse kumene anabadwira. Ivan Rakitić anabadwira ku Switzerland, mwana wa anthu opita kukafuna ntchito monga makolo athu, ndipo anasewerera matimu achisodzera a dzikolo. Mu 2007 Slaven Bilić anamukopa kuti avale jezi ya kwawo kwa makolo ake, ndipo mu 2018 ndi iyeyo anamwetsa mapenate otsiriza ogwetsa Denmark ndi Russia. Mateo Kovačić anabadwira ku Linz, ku Austria. Kwa iwo mwana wobadwira kunja ndi chuma choti maiko awiri azilimbirana. Kwa ife, lamulo la unzika la 2001 linasiya zidzukulu za anthu a m'migodi ndi m'mafamu zili ndi chitupa cholembedwa kuti "alien", ngakhale mwanayo sanaponde ku Blantyre chibadwire. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi papepala, koma wopanda setifiketi ya kubadwa sangalembetsedwe mu ligi, sangapeze pasipoti, ndipo zaka za mpira sizidikira munthu ali pamzere ku ofesi. Malawi naye sanabwere m'makomboni kudzafunsa kuti ana athu ali kuti.

Komatu akatswiri a magazi amenewa ndiwo ananyamula mpira wa Zimbabwe. Moses Chunga, wa Dynamos ndi Eendracht Aalst ya ku Belgium, dziko lonse limamutchula kuti Bambo, ndipo ambiri otchulawo saganizako kuti dzinalo akulinena m'chinenero chathu. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo ochokera ku Malawi, anadutsa ku Jomo Cosmos, Auxerre ndi Portsmouth, nakagoletsa Manchester United ku Old Trafford mu February 2008 pa masewero ake oyamba a Manchester City. Akamwetsa chigoli ndi ana a dziko lino. Anyamata a fuko lomwelo otsalira m'komboni ndi mabhurandaya. Ndipo taonani kuti onse awiriwa anakulira m'mizinda ikuluikulu, kumene timu siifa ndi mgodi.

Sindikuti ku Croatia ndi kumwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mu June 2018 khoti la ku Osijek linagamula kuti Zdravko Mamić, mkulu wa Dinamo, akakhale kundende zaka 6 ndi theka chifukwa cha ndalama, kuphatikizapo za malonda a Modrić ndi Dejan Lovren, ndipo iye anathawira ku Bosnia. Koma onani kusiyana kwake. Mwamuna wamphamvuyo atathawa, sukulu ya mpira ya Dinamo inapitirira kutulutsa ana monga Joško Gvardiol.

Mu 2024 Simba Bhora ya ku Shamva, kwawo kwa Alick Macheso, inatenga ligi ya Zimbabwe, ndipo nane ndinasangalala ngati ndi yathu. Koma timu imeneyonso yaima pa thumba la munthu mmodzi wa bizinesi ya migodi. Chaka chomwecho mgodi wa Trojan unali utaimanso, ndipo ana a ku Chipadze ndi Chiwaridzo akumenyabe chikulunga pafumbi, ena mwa iwo opanda pepala lililonse losonyeza tsiku lomwe anabadwa.