Kulemera kwa Mzere wa Ndakatulo

Wophunzira, ndakatulo siikoma chifukwa choti mizere yake yathera pa liwu lofanana. Ambiri mwa ophunzira anga kuno kwa Wimbe amaganiza choncho potengera ndakatulo za Chingerezi. Koma zinenero ziwirizi siziyenda mofanana.

M'Chingerezi mlakatuli amawerenga malo otsindika. Mzere wa Shakespeare kawirikawiri umakhala ndi maphatikizo 10, ndipo asanu mwa iwo amatsindikidwa. M'Chichewa mawu amathera pa lembo la liwu, ndipo malembowa alipo asanu okha: a, e, i, o, u. Aneni ambiri amathera pa "a". Kotero kufananitsa mathero a mizere si luso ayi, ngakhale mwana wa Sitandade 3 angathe.

Nanga mzere umalemera ndi chiyani? Choyamba, kuchuluka kwa maphatikizo. Chachiwiri, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, lomwe timalikoka tikamapumira. Werengani mokweza ndime iyi yomwe ndapeka:

Tasoka fodya usiku,
Chigafa chadzaza kale,
Koma ngongole yatsala,
Ana agona ndi njala.

Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 8, ndipo umatha ndi mpweya umodzi. Mvetserani mmene "si", "ka", "tsa" ndi "nja" akukokedwera. Kugunda kwake kukunga kwa misi iwiri yolandizana mumtondo. Mizere iwiri yoyamba siikufanana mathero, koma khutu silikudandaula. "Yatsala" ndi "njala" akugwirizana, osati mongokometsa, koma pomanga ngongole ndi njala pamodzi, monga zimakhalira pakhomo pa tenanti.

Tsopano sinthani mzere wachitatu ukhale "Koma ngongole ya feteleza yomwe tinatenga yatsala". Ganizo lamveka bwino, koma mpweya wathera panjira ndipo ndime yatsimphina. Mlakatuli waluso amathyola muyeso pokhapokha pali chifukwa. Atawonjezera mzere wa liwu limodzi loti "Zii!", kufupikako kungatimvetse kuti pakhomo pazizira.

Mukamawerenga ndakatulo za E.J. Chadza kapena Benedicto Wokomaatani Malunga, yambani ndi khutu. Pa mayeso a MSCE musangotchula chipangizo. Fotokozani ntchito yomwe chagwira pa uthenga.

Ntchito: Pekani ndime ya mizere inayi yokhudza tsiku la msika. Werengani maphatikizo a mzere uliwonse, kenaka muilakatule pamaso pa mnzanu. Iye akuuzeni pomwe mwapunthwa.