Misonkhano ya ZIP: Kufunsana Nzeru Kapena Kungovomerana?

Sukulu za pulayimale ku Mozambique zili m'magulu otchedwa Zona de Influência Pedagógica, mwachidule ZIP, kuti aphunzitsi a sukulu zoyandikana azikumana, azikonzera limodzi maphunziro ndi kufunsana nzeru. Ganizolo n'labwino ndithu. Koma mphunzitsi amene amaphunzitsa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi sapindula nalo mokwanira.

Misonkhanoyi kawirikawiri imachitika m'Chipwitikizi, ndipo nthawi yambiri imathera pa kugawa mitu ya maphunziro m'masabata ndi kudzaza mapepala. Mafunso amene amasowetsa tulo mphunzitsi wa ku Angónia kapena ku Macanga amatsala panja. Kodi ana alembe "Cinyanja" monga mwa kalembedwe kovomerezeka m'dziko muno, kapena "Chinyanja" monga amaonera m'Baibulo ndi m'mabuku ochokera ku Malawi? Nanga pofika kalasi yachinayi, pamene Chipwitikizi chimayamba kutsogolera, mwana amene wadziwa kuchotsera m'chilankhulo chake athandizidwe bwanji kuti asayambirenso pachiyambi? Nkhani zoterezi zimakambidwa pansi pa mtengo nthawi yopuma, kapena pa foni usiku, ndipo palibe amene amazilemba.

Palinso ulemu, womwe ndi wovuta kuudzudzula. Mphunzitsi wachinyamata amene wangochoka kumene ku sukulu yophunzitsa aphunzitsi angakhale kuti amadziwa bwino kalembedwe kamene kanakonzedwanso mu 2008, koma sangatsutse wachikulire pamaso pa wotsogolera gulu. Amangogwedeza mutu. Lipoti limati onse agwirizana, kenako aliyense amabwerera ku sukulu yake n'kukaphunzitsa mmene ankaphunzitsira kale. Ofufuza amene amayeza mgwirizano wa aphunzitsi powerenga malipoti otere akuyeza bata chabe.

Pamene ntchito ya PEBIMO inkayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, makalasi anali ochepa, ndipo aphunzitsi ake ankayenderedwa mosavuta. Kuyambira 2003 makalasi otere achuluka, moti woyendera sangafike paliponse, ndipo amene angathandize mphunzitsi msanga ndi mnzake wa pasukulu yapafupi. N'chifukwa chake gawo lina la msonkhano wa ZIP liyenera kuchitika m'Chinyanja, ndipo pakhale kope lolembamo mawu amene aphunzitsi asiyana nawo maganizo, limodzi ndi zifukwa za mbali iliyonse, kuti likafike kwa okonza mabuku ku INDE.