Kaligono ndi munthu womujambula

Kwathu ku Mpingu nsomba timaidziwa itauma. Imafika m'matumba kuchokera kunyanja, n'kuikidwa timilumilu pamsika m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji: usipa, utaka, mwina mlamba wowamba wakuda bii. Ndinakula ndikuyesa kuti nsomba zonse n'zotuwa. Tsiku limene ndinatsegula buku la Ad Konings lotchedwa Malawi Cichlids in their Natural Habitat, ndinakhala nalo pamiyendo mpaka dzuwa kupendeka. Utaka womwewu umene timathyolera nsima, wamphongo wake akakhala wamoyo amawala buluu kuposa chitenje chongotuluka m'sitolo.

Konings ndi wa ku Netherlands, anabadwa mu 1956 ndipo anaphunzira sayansi ya zamoyo. Bukuli linatuluka koyamba mu 1989, ndipo lakhala likusindikizidwanso ndi zithunzi zatsopano. Pa maulendo ake ambiri ankadalira maboti a Stuart Grant wa ku Kambiri Point ku Salima, yemwe ankatumiza nsomba zamoyo kunja mpaka pamene anamwalira mu 2007.

Chimene chimandigwira mtima ndi ntchito imene ili kuseri kwa chithunzi chilichonse. Madzi amadya mitundu. Ukangotsika mamita ochepa, kufiira kumayamba kuzilala, kenako chikasu, ndipo pamapeto zonse zimaoneka zobiriwira motuwa. Choncho wojambula amatsika ndi kuwala kwake. Koma getsi likakhala pafupi ndi diso la kamera, limawalitsa tizitsotso tonse toyandama m'madzi, chithunzi n'kukhala ngati munthu wachiwaza ufa. N'chifukwa chake amaliika chapambali. Ayeneranso kusendera pafupi ndi nsombayo, mtunda wongotambasula mkono, popeza madzi akachuluka pakati pawo maonekedwe ake amachita chimbuuzi. Akaponda molakwa pansi, matope amavunduka, ndipo basi ntchito yathera pomwepo. Mpweya wa m'thanki ya kumsana sukhalitsa, mwina ola limodzi. Ndipo m'zaka zoyambazo kunalibe makamera a masiku ano. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 zokha, yosatheka kuisintha uli pansi pa madzi, ndipo sunkadziwa ngati wakhoza kufikira itatsukidwa.

Tsono nsombayo siidikira munthu. Mbuna (nsomba ya m'miyala) yaimuna ikachita mantha, mtundu wake umazimirira pompo, zipsepse n'kuzipinda, n'kulowa kumphanga. Chithunzi chimene nsomba yatambasula zipsepse zonse, ikulondera mwala wake mosatekeseka, chimatiuza kuti munthuyo anakhala duu kwa nthawi yaitali, akupuma pang'onopang'ono, mpaka nsombayo inamuyesa mwala.

Pamenepa ndi pomwe kaligono amandisangalatsa. Asayansi amamutcha Nimbochromis livingstonii, koma dzina limene anthu akunyanja anamupatsa ndilo lonena zoona. Amagona cham'mbali pamchenga, thupi lake la mawanga oyera ndi oderapo likuoneka ngati nsomba yakufa imene yayamba kuwola. Tinsomba timabwera kudzajompha, iye ali zii. Kamodzi kakayandikira kukamwa, amadzuka ngati mphezi n'kukameza. Kuti umujambule ali chigonere chotero, uyenera iwenso kugona pamchenga, osagwedezeka, chala chili pa batani. Pamakhala akaligono awiri pansi pamenepo, wina akudikira chakudya, wina akudikira chithunzi. Wachiwiriyo saoneka, koma ine ndikayang'ana tsambalo ndimamumva kuti alipo.

Luso lina la Konings ndi la cholembera. Pansi pa zithunzi zake amalemba malo: Thumbi West, Chinyankwazi, Likoma, Nkhata Bay. Mbuna zambiri sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, motero mulu uliwonse wa miyala uli ndi zakezake, ndipo nsomba ya mtundu umodzi imavala mosiyana pa zilumba zoyandikana. Chithunzi chopanda dzina la malo chikanangokhala chokongoletsa khoma. Chokhala nalo ndi umboni wa chuma chimene chinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984.

Sabata yatha ndinaima pamsika n'kutola utaka umodzi pamulu. Ndinautembenuza padzuwa, ndikuupukuta ndi chala.

"Achimwene, mukufunafuna chiyani pa nsombapo? Ndi zabwinotu zimenezo, zafika dzulo," anatero mayi wogulitsa.

"Ayi mayi, ndikungoona timadontho iti."

Tinalipo ndithu, titatu, takuda, m'nthiti mwake, monga momwe ndinationera m'buku muja. Mayiwo anasendera pafupi, n'kutenganso wina pamulupo kuti aone ngati nawonso uli nato.