Chaka Chachisanu Amalipira Ndani?

Amene munayendapo pa msewu wochokera ku Salima kupita ku Lilongwe mukudziwa kuti galimoto ikangoyamba kukwera zitunda za ku Mvera, kutentha kwa kunyanja kumatsalira m'mbuyo ndipo maso amakumana ndi zigafa za fodya. Ku Dowa ndi ku Ntchisi, kumene amalonda athu amakagulitsa usipa ndi utaka, ndalama yogwirika imalowa m'nyumba kamodzi pa chaka: mabelo akagulidwa ku okushoni ya Kanengo kapena ya Chinkhoma, ndiponso soya ndi mtedza zikachoka m'munda. Msika wa fodya umatsegulidwa cha m'mwezi wa Epulo. Sukulu za ukachenjede zimagawa chaka m'masemesita awiri, ndipo tsiku lomaliza kulipira fizi silifunsa ngati mabelo agulidwa kapena akadali m'shedi. Ana ambiri a kumapiriko amapunthwa pamenepa, ndipo digiri ya zaka zinayi imasanduka ya zaka zisanu.

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ku madrasa ali wamng'ono, makolo ake asanasamukire ku Ntchisi kukalima, anasankhidwa kupita ku yunivesite ina. Dzina lake ndi la sukuluyo ndizisunga. Zaka ziwiri zoyamba anakhoza maphunziro onse. M'chaka chachitatu fodya wa bambo ake anabwezedwa kawiri pa msika, ndalama inachedwa, ndipo itakwana nthawi ya mayeso anauzidwa kuti wosamaliza fizi salowa m'chipinda cholembera. Mabelo aja anadzagulidwa patapita milungu isanu, mayeso atatha kale. Anabwerera chaka chotsatira kukayambiranso kalasi yomweyo, atalipira ngongole yotsala ija pamodzi ndi fizi ya chaka chatsopano. Bambo ake anagulitsa ngolo ndi ng'ombe ziwiri zapagoli. M'kaundula wa sukulu mnyamatayu analembedwa kuti wobwereza, chimodzimodzi ndi amene anathera semesita yonse akungoyendayenda m'tauni.

Kuti tione kulemera kwa chaka chowonjezeracho, tikumbuke mmene fizi yakwerera. Mu 2016 University of Malawi inakweza fizi kuchoka pa K275,000 kufika pa K400,000 pa chaka. Ophunzira anachita zionetsero, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti pachotsedwe K50,000. Mu 2023 fizi ya pa yunivesite yomweyo inachoka pa K350,000 kufika pa K650,000, mayunivesite ena a boma nawo anakweza zawo, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Komatu fizi ndi mutu chabe wa katundu. Ophunzira ambiri sapeza malo ogona pa sukulu, choncho amachita lendi kunja, amadzigulira chakudya, amalipira mayendedwe ndi mabandulo a intaneti. Chaka chachisanu chimabweretsa zonsezi kachiwiri pa mitengo yatsopano, ndipo chimatalikitsa tsiku limene mwanayo akanayamba kulipirira azing'ono ake ku sekondale.

Chimene ndikudzudzula ndi chakuti malamulo a fizi amawerenga zaka osafunsa chimene chachedwetsa munthu. Kuchedwa kulipo kwa mitundu itatu. Pali kwa ulesi, ndipo kumeneko sindikuikira kumbuyo. Pali kwa umphawi ndi matenda, monga kwa mnyamata uja, kapena kwa mtsikana amene wasiya semesita pakati kuti akadwazike mayi ake ku chipatala cha Ntchisi. Ndipo pali kuchedwa kochokera ku sukulu kwenikweniko, kumene mabuku a fizi sakulemba konse.

Mtundu wachitatuwu Amalawi tikuudziwa bwino. Mu 2011 maphunziro anasokonekera kwa miyezi pafupifupi 8 pa Chancellor College ku Zomba, mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene ananena m'kalasi. Mu 2017 koleji yomweyo inakhalanso yotseka miyezi ingapo chifukwa cha mkangano wa malipiro a aphunzitsi. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa poopa matenda a Covid-19. Sindikuweruza aphunzitsi amene ankamenyera ufulu wawo, kapena boma limene linkateteza miyoyo. Ndikungofunsa za muyeso. Nthawi zonsezi ophunzira anataya miyezi, ena anataya lendi yolipiriratu, ndipo panalibe amene anawabwezera kanthu. Sukulu ikachedwetsa mwana theka la chaka, timauzidwa kuti tipirire. Mwana akachedwetsa fizi milungu isanu, amalipira chaka chathunthu. Sikelo yotere tikanaipeza pa msika wa Mponela, tikanaitengera kwa akuluakulu a msika tsiku lomwelo.

Oyendetsa mayunivesite ali ndi yankho, ndipo ndi loyenera kulimva. Malo ndi ochepa. Chaka chilichonse ana ambiri okhoza bwino mayeso a MSCE amatsala kunja, ndipo amene wakhalitsa pa mpando watsekereza wina wa ku Malomo kapena ku Madisi. Aphunzitsi, magetsi ndi zipangizo za mu labotale zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo sukulu yolekerera ngongole imatha kugwa. Zonsezi n'zoona. Koma mfundo imeneyi ikutsutsa lamulo lomwe akuliteteza. Mnyamata uja akanaloledwa kulemba mayeso, akanamaliza pa nthawi yake ndi kusiyira wina mpando. Pomuletsa, sukulu inadzipangira yokha wobwereza.

Mayiko ena anaganizapo za nkhaniyi. Ku Germany, m'chigawo cha Thuringia, wophunzira amalipira ndalama yowonjezera yokwana 500 euro pa semesita chifukwa chokhalitsa pa yunivesite, koma ndalamayo imayamba pokhapokha atapyola nthawi yoikika ndi masemesita anayi, ndipo wodwala kapena wolera mwana amaganiziridwa. Ku South Africa, kumene ophunzira anagwedeza dziko mu 2015 ndi zionetsero zokana kukwera kwa fizi, bungwe la NSFAS lili ndi lamulo lolola kuthandiza wophunzira chaka chimodzi pamwamba pa zaka za digiri yake. Mayiko awiriwa ndi olemera kuposa lathu, komabe chimene tingatengeko sichifuna chuma: anavomereza m'malamulo awo kuti munthu akhoza kupunthwa popanda kukhala waulesi.

Kuno kwathu zinthu zinayi zikhoza kuchitika popanda kumanga nyumba ina yatsopano. Choyamba, wotsala ndi ngongole aloledwe kulemba mayeso, sukulu isunge zotsatira kapena satifiketi mpaka atamaliza kulipira. Chikole chimenecho n'chokwanira. Chachiwiri, pamene wophunzira walephera phunziro limodzi kapena awiri, alipire za maphunziro okhawo. Chachitatu, masiku olipira alembedwe moganizira kumene ndalama imachokera: mlimi wa ku Dowa amakhala nayo pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amauma manja nyanja ikatsekedwa kuyambira mu Novembala. Chachinayi, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, pamodzi ndi ena onse olipirira ana, asiyanitse poyera wobwereza chifukwa cha matenda kapena umphawi ndi wobwereza chifukwa cha masewera.

Mfundo yomalizayi ikutikhudza ifenso. Makomiti athu a zakaat ndiponso anthu akufuna kwabwino akamalonjeza kulipirira mwana, kawirikawiri amawerengera zaka zinayi ndendende. Chaka chachisanu chikafika, thumba limakhala litatsekedwa, ndipo kholo limathamangira kwa okongoza katapila, amene chiwongoladzanja chake chimadya munda ndi bwato, kuwonjezera pa kukhala choletsedwa kwa ife. Ndi chinthu chowawa kulipirira mwana zaka zitatu kenako n'kumusiya pakhomo pa digiri. Ndalama zonse zoyambazo zimapita m'madzi, pakuti wolemba ntchito safunsa masemesita amene munthu anakhoza, amafunsa pepala.

Inunso makolo, mwana akalandira kalata yomuitana, musamangowerenga mzere wa fizi. Khalani naye pansi muwerenge malamulo onse: zimene zimachitika fizi ikachedwa, mtengo wa mayeso achibwereza, ndi njira yopumira maphunziro mwalamulo. Wodwala kapena wosowa ndalama alembere sukulu kalata nthawi ikadalipo, chifukwa wochoka mwakachetechete amawerengedwa ngati wolephera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musawerengere mabelo amene sanagulidwe kapena nsomba zimene zikadali m'madzi ngati kuti ndi fizi yolipira kale.

Mnyamata uja anamaliza, ndipo lero amagwira ntchito. Nditakumana ndi bambo ake ku Ntchisi, anandionetsa chithunzi cha tsiku lolandira digiri, atachipachika pamwamba pa khomo. Kenako anandiperekeza kudutsa pa khola. Ng'ombe sanagulebe zina, ndipo mwana wawo wachiwiri, amene naye anakhoza bwino MSCE, akulima soya kudikira kuti ngongole ya chaka chachisanu cha mkulu wake ithe.