Dope Saint Jude ndi chinenero chobisalira apolisi

Nyimbo yoyamba ya Dope Saint Jude imene ndinamva inali "Keep in Touch", ya mu 2015, ndipo theka la zimene ankanena linandidutsa. Ndinkayesa kuti vuto ndi makutu anga, poti Chingelezi cha ku Cape Flats chimabwera chosakanikirana ndi Chiafrikaans, chili pa liwiro. Pambuyo pake ndinazindikira kuti mawu enawo anapangidwira dala kuti mlendo ngati ine asatolepo kanthu. Ndi Gayle, chinenero chimene amuna okonda amuna anzawo ku Cape Town ankalankhulana cha m'ma 1950 ndi 1960, pamene lamulo linkawasaka. Chimabwereka mayina a akazi: Beaulah ndi chinthu chokongola, Hilda ndi chonyansa, Dora ndi mowa, Priscilla ndi apolisi. Munthu ankatha kuchenjeza mnzake kuti Priscilla wafika, wapolisiyo ali chiimire pomwepo osadziwa kuti akunenedwa ndi iye.

Mwini nyimboyi dzina lake lenileni ndi Catherine St Jude Pretorius, wokulira ku Elsies River, limodzi mwa madera amene boma la tsankho linaunjikako anthu amene linkawatcha makaladi. Hip-hop si yachilendo kumeneko. Prophets of da City anachokera ku Cape Flats komweko, ndipo gulu la akazi atatu la Godessa linali litaonetsa kale kuti mkazi angathe kugwira maikolofoni mumzindamo. Chatsopano chimene iye anabweretsa ndi kusabisa kuti amakonda akazi anzake, pakati pa oimba amene ambiri amatchula anthu otere pofuna kutukwana basi.

Asanatchuke ndi rap ankachita zisudzo atavala ngati mwamuna, pa dzina loti Saint Dude. Mfundo imeneyi ambiri amangoitchula modutsa, koma kwa ine ndi pamene pagona luso lake. Amene wakhala akusewera mwamuna pa siteji amadziwa kuti kudzitama kwa oimba rap, mayendedwe otagada aja ndi mawu okhuthala, ndi chovala chimene aliyense angathe kuvala ndi kuvula. Choncho akamadzitama mu "Brown Baas", ndimamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: akudzitamadi, komanso akuseka mwambo wa kudzitamawo. Liwu loti baas nalonso ndi lolemera. Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankalidziwa bwino, chifukwa ndi limene ankaitanira mzungu. Mtsikana wa ku Elsies River akalitenga n'kudziveka yekha, safunikanso kufotokoza zambiri. M'nyimbo imeneyi amayandikira kwambiri mlakatuli: ng'oma zikucheperachepera, mawu ali patsogolo, ndipo ukhoza kuzimitsa zoimbira zonse osataya kanthu.

Tsono pali pamene ndimasiyana ndi omuyamikira ambiri. Mu 2018 anatulutsa Resilient, mmene muli "Grrrl Like", nyimbo imene inamutengera kutali mpaka kumveka mu katuni ya pa Netflix yotchedwa Kipo and the Age of Wonderbeasts. Ndi nyimbo yabwino kuvina, ndipo kolasi yake imakakamira m'mutu tsiku lonse. Koma kalembedwe ka dzina lake kakuloza ku riot grrrl, gulu la atsikana oimba punk ku America koyambirira kwa zaka za m'ma 1990, ndipo uthenga wake ungaimbidwe ku Berlin kapena ku Seattle osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Mu "Keep in Touch" iye ndi Angel-Ho ankalankhula ndi anthu awo, ife ena n'kumamvera pa zenera. Mu "Grrrl Like" chitseko chatsegulidwa kwa aliyense, ndipo Elsies River sakumvekanso kwenikweni. Pofika pa Higher Self mu 2022, nkhani yakula n'kukhala ya mzimu ndi kudzipeza, mawu osalala, ovuta kutsutsa komanso ovuta kukumbukira.

Ndikudziwa kuti kudandaula kotere n'kosavuta kwa munthu amene sakulipira lendi ndi nyimbo. Ndikudziwanso kuti dziko limene akuimbamo lili ndi nkhope ziwiri. Malamulo aakulu a South Africa a mu 1996 amaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo maukwati a akazi kapena amuna okhaokha analoledwa mu 2006. Koma patangopita zaka ziwiri, Eudy Simelane, amene anasewerapo mpira mu timu ya Banyana Banyana, anagwiriridwa n'kuphedwa ku KwaThema. Kwa mtsikana wokhala m'dera ngati limenelo, nyimbo yongomuuza kuti ayende mutu uli m'mwamba si yachabe ngati mmene ine ndikuionera ndili pa mpando. Mwina ndiyo imene akuifuna kuposa mawu obisika amene ine ndimasirira.

Komabe sindisintha maganizo pa luso. Polemba nkhani ino ndavutika kupeza mawu a Chichewa omutchulira. Amene alipo ndi otukwana, kapena ndi aja a m'nyuzipepala onena za "ogonana akazi okhaokha", amene amachepetsa moyo wonse wa munthu n'kuusiya pa mphasa. Ku Malawi, kumene gawo 137A la malamulo a milandu limaika chilango cha zaka zisanu pa akazi otere, anthu amenewa ayenera kuti ali ndi mawu awoawo amene ine sindinauzidwe, monga mmene Priscilla sankauzidwira. N'chifukwa chake ndimabwererabe ku nyimbo ya 2015 ija, imene mpaka lero mizere ina sindiimva.